A Greyson ndi Nsapato Zosinthana

Aliyense wogwira ntchito ku Industrial Area ku Nairobi m'zaka za m'ma 1990 ankawadziwa a Greyson, mzungu wamtali wokonza mapampu a madzi, uja ankayenda maso ali pansi ngati wataya singano. Akenya ankangoti Mzee, kutanthauza mdala. Koma Amalawi a mu Nairobi ankanyadira nawo zedi, chifukwa Chichewa chawo chinali cha ku Dedza chenicheni. Ukawamva uli kuseri kwa khoma unkayesa mlimi wa kachewere wa ku Bembeke.

Anabadwira ku Canada, pafamu ya tirigu. Asanakwanitse n'komwe zaka makumi awiri analowa usilikali woyenda pansi, ndipo mu 1951 anawatumiza ku nkhondo ya ku Korea. Kumeneko kunalibe zokwera, inali miyendo basi! Gulu lawo linali la anthu khumi, iwo kumbuyo kwenikweni kwa mzere, kukwera mapiri m'chisanu choopsa, maso pa zidendene za wapatsogolo kuti aponde pomwe waponda mnzawo, poti m'mbali munali mabomba okwirira. Anafika pomudziwa aliyense ndi kapondedwe kake: uyu amakoka mwendo, uyu amayendera zala. Tsiku lina anatsika phiri ali anayi okha, ndipo a Greyson anadziwa amene atsala kumtunda asanaone nkhope ya munthu aliyense. Kuyambira pamenepo mutu wawo sunadzukenso.

Nkhondo itatha, kwawo kunawakanika kukhala. Anapita ku Nyasaland kukakumba zitsime ndi amishoni, nakhala ku Dedza zaka zoposa makumi awiri, kenako n'kusamukira ku Nairobi komwe zitsulo za mapampu zinkapezeka mosavuta. Makolo anamwalira kalekale, mbale analibe, ndipo za banja anthu anali atawataya.

Ndiye mu 1996, ku Eastleigh, m'chipwirikiti cha maminibasi otchedwa matatu, ngolo yokankha ndi manja inaponda nsapato ya mayi wina n'kudula lamba. "Mayo ine! Kodi anthu inu maso mulibe?" anakuwa mayiyo m'Chichewa. Anali a Eneles, mayi wamasiye wa ku Dedza komweko, mlembi pa bungwe lina la mayiko akunja. Anangomva mzungu akuti, "Pepani mayi, bweretsani kuno nsapatoyo." Anali a Greyson, ndipo anatulutsa waya wa kopa m'thumba, naimanga pomwepo. Abale inu, chaka chisanathe nkhalamba ya zaka 65 inali ikufunsa mtengo wa tambala wa chinkhoswe!

A Eneles ananeneratu kuti popanda chilolezo cha malume awo, a Mabvuto, ukwati palibe. Malumewo anayenda masiku atatu pa basi kuchokera ku Dedza, nafika miyendo itatupa, mtima utatupa kuposa miyendoyo. Chinkhoswe chinachitika Loweruka masana ku Athi River, pabwalo la a Limbani, Mmalawi wogwira ntchito ku fakitale ya simenti, amene anavomera kukhala nkhoswe ya a Greyson. Kunadzaza! Ophunzira a ku yunivesite, mabwana a m'maofesi, onse ndi zitenje zawo, wailesi ikulira nyimbo za kumudzi.

Amayi atalowa m'nyumba kukaphimba mkwatibwi ndi anzake, a Mabvuto anaimirira. "Munthu uyu alibe mbale, alibe mudzi, ndipo chifikireni ine sanandiyang'anepo kumaso. Mwambo umati wachibale ndiye aloze mkwatibwi. Poti alibe, aloze yekha. Akaphonya, ndiye kuti mwana wanga sakumudziwa. Tambala wakeyo abwerere naye, ine mawa ndili pa basi."

Kwa a Greyson zinali zovuta, pakuti maso awo anali atayamba ng'ala, ndipo chinthu chikakhala patali ankangoona mthunzi. Chinawalimbitsa n'chimodzi: a Eneles anali atalonjeza kuvala nsapato zija za waya wa kopa.

Koma m'nyumbamo mawu a malume sanafikemo. Amayiwo ankadziwa kuti pa chinkhoswe kuphonya ndiye kukoma kwa mwambo, anthu amaseka, masewera n'kupitirira. Ndiye a Deborah, mnzawo wa a Eneles, mayi wa nthabwala zosatha, anati, "Iwe, vula nsapatozo ndivale ine, timuone msilikaliyu!" Anasinthana uku akuseka mpaka misozi.

Anatuluka asanu, ophimbidwa kuchokera kumutu mpaka mu akakolo, naima pamzere. A Greyson anayandikira, tambala ali m'khwapa mwa a Limbani. Dzuwa linawala pa waya wa kopa kuphazi kwa wachitatu.

"Ndi awo, achitatuwo! Gwirani!" ananong'ona a Limbani, thukuta lili kamukamu.

A Greyson anatambasula dzanja, koma linaima m'malere. Mapazi aja sanaime bwino m'nsapatomo.

"Malume," anatero, "ndipempheko kuti ayende mpaka kumpanda n'kubwerako."

"Ayende!" anthu anakuwa. "Ayendeee!"

Amayi anayamba kuyenda, akugundanagundana poti sankaona. Ndipo mzungu uja anazungulira, nakaima kumbuyo kwa mzere, msana chilili, n'kuyamba kuwatsata, akuponda pomwe aponda. Ophunzira anakwera pamipando. Wina anazimitsa wailesi. Atafika kumpanda, a Greyson anadutsa wa nsapato za kopa uja osamucheukira, nakagwira phewa la wotsiriza, wovala nsapato zakuda zothina.

"Nsapato zili uko, koma eni ake ndi awa."

Chitenje chinagwa, ndipo anali a Eneles! Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu wa ku Mombasa. A Limbani analumpha mpaka tambala analira. A Deborah atauzidwa zimene malume ananena iwo ali m'nyumba, anangokhala pansi pafumbi, manja kumutu: "Kalanga ine, ndikanapha ukwati wa mnzanga!"

A Mabvuto okha sanaseke. "Mwamudziwa bwanji?"

"Amasamala bondo la kumanzere, chidendene chake chimafika mochedwa," anayankha a Greyson, maso ali pansi. "Chaka chonse popita kutchalitchi ndayenda kumbuyo kwawo. Malume, ku nkhondo munthu amene ukumutsata ndi amene wamupatsa moyo wako. Ine ndinasiya kutsata munthu mu 1952. Awa ndi oyamba."

Apo a Mabvuto analanda tambala uja m'manja mwa a Limbani, n'kumupanira m'khwapa mwawo.

"Deborah, dzuka pamenepo ukatenge thadzi tiwapatse anthuwa! Ndipo inu akamwini, dzutsani mutu tikuoneni. Pakhomo pathu palibe mabomba."

A Greyson anadzutsa mutu pang'onopang'ono, nawayang'ana malume awo kumaso, misozi ikutsika osaipukuta.