Mpweya wa M'botolo, Chaka Chimene Nyanja Inaphwa

Chaka chimene ndinali mu Fomu 4 nyanja inaphwa. Madzi anathawa pang'onopang'ono mpaka mabwato a pa Kachulu anatsala atakhala pamatope ong'aluka, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Bambo anga anali msodzi, ndipo anati sangakhale pakhomo n'kumayang'ana fumbi. Anapita ku nyanja ya Chiuta kumene kunali madzi, mayi n'kuwatsatira ndi ang'ono anga awiri kuti azikayanika matemba. Ine anandisiya chifukwa cha mayeso.

"Nyumba ndi iyi, nkhuku ndi izo," anatero mayi akumangirira mabeseni panjinga. "Ukadwala ukawauze azakhali ako."

Azakhaliwo ankakhala kutsidya kwa dambo ndipo anali ndi mavuto awo. Ndinkadzuka ndekha, kuphika ndekha, kudya ndekha. Nthawi zina ndinkangopezeka ndikulankhula ndi nkhuku.

Kusukulu nakonso anthu ankatha. Mabanja a asodzi akamasamuka ankatenga ana awo. Mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1 anakwatiwa ndi mnyamata wa kabaza, ndipo tikakumana pamjigo ankangondipatsa moni wa achikulire. Ophunzira kemisitiri tinatsala ochepa kwambiri, mtsikana ndinali ine ndekha.

Aphunzitsi athu a kemisitiri anali mayi wachitsikana wochokera kutauni, ndipo anali oyembekezera. Tinkangowatchula kuti Madamu. Phunziro lomaliza limene anatiphunzitsa linali la malo amene mpweya umatenga. Anati molo ndi muyezo wowerengera tinthu tosaoneka ndi maso, monga mmene timanenera dazeni ya mazira. Mpweya uliwonse, wolemera kapena wopepuka, molo imodzi imadzaza malita 22.4, bola uyezedwe pa kuzizira kwa ziro digiri ndi pa kukanikiza kwa muyezo, kumene mabuku amati STP.

Analemba chitsanzo pabolodi. Soda wophikira therere yemweyu, magalamu 84 ndiye molo imodzi, ndipo ukamuthira asidi amatulutsa molo imodzi ya mpweya wa kaboni. Sipuni ya tiyi yosasefukira, anatero, ndi pafupifupi magalamu 4.2. Ukagawa ndi 84, n'kuchulukitsa ndi 22.4, umapeza malita 1.12.

"Sabata yamawa tidzayesa, mudzaone ndi maso," anatilonjeza.

Sabata yamawayo sanabwere. Miyendo inawatupa ndipo amuna awo anadzawatenga kupita nawo ku Zomba. Palibe mphunzitsi wina amene ankadziwa phunziroli. Nthawi ya kemisitiri ikakwana anyamata ankatuluka kukasewera mpira, ine n'kutsala m'kalasi ndikubwereza masamu omwe aja mpaka ndinawaloweza. Koma mumtima sindinkakhulupirira. Lita yathunthu ingatuluke bwanji m'kasipuni?

Loweruka lina nditachapa, ndinaganiza zoyesa ndekha. Ndinatenga soda wa mayi pamwamba pa kabati, ndinathyola mandimu kwa aneba amene anali atasamuka, n'kufinyira m'kapu. M'chisakasa cha bambo ndinapeza kapaipi ka petulo ka injini yakale ya boti. Ndinaboola chivindikiro cha kabotolo kakang'ono, kulowetsamo kapaipi, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Botolo la sikwashi la malita awiri ndinalidzaza madzi, kulizondotsa m'beseni, n'kulowetsa mbali ina ya kapaipi kukamwa kwake.

Ulendo woyamba nditangothira mandimu ndi soda m'kabotolo kaja, thovu linandilavulira kumaso ndisanatseke n'komwe. Ndinaseka, kenako ndinacheuka ngati pali wina woti aseke nane. Panali tambala basi.

Ulendo wachiwiri ndinakulunga sodayo m'kapepala kuti achedwe kukhudza mandimu, ndinatseka msanga n'kukhutchumula. Mpweya unayamba kukwera m'botolo lalikulu, bwibwibwi, madzi akutsika. Ndinkafuna kukuwa kuti mayi bwerani mudzaone. Koma madziwo anaima asanafike pakati pa botolo. Lita sinakwane.

Ndinabwereza mpaka mandimu anatha, osakwanabe. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana kumene kunali nyanja, mphepo ikuulutsa fumbi loyera. Kodi walakwa ndi ine, kapena buku? Funso limeneli ndinayenda nalo masabata angapo. Ndinafunsa aphunzitsi aakulu, anati iwo ndi a jogalafe. Azakhali nditawafotokozera anangoti, "Ndiye wamaliza soda wa mayi ako?"

Tsiku lina la msika ndikuchokera kogayitsa, ndinaona Madamu pasiteji ya minibasi pa Kachulu, mwana ali kumsana. Anabwera kudzatenga katundu wawo wotsala. Kondakitala anali akukweza kale matiresi awo. Ndinatula ufa pansi n'kuthamanga.

"Madamu, mwaswera bwanji? Ndinayesa zija. Sizinakwane."

"Ziti?"

"Za soda. Malita 1.12. Ine ndinapeza osafika lita."

"Unayesa ndi ndani?" anafunsa.

"Ndekha, kunyumba."

Anandifunsa mmene ndinachitira, ndipo ndinafotokoza mothamanga, mawu akupunthwa, poti panali patapita nthawi ndisanalankhule zambiri chonchi ndi munthu.

"Sunalakwe," anatero. "Mpweya umenewo umasungunuka m'madzi, ndiye wina unatsalira m'beseni mwako. Wina unathawira pamphirapo. Sipuninso si sikelo. Ndipo kuno kukutentha, si ziro digiri. Ukanaugwira wonse, ukanapitirira pa 1.12, chifukwa mpweya ukatenthedwa umafufuma. Pamayeso uzilemba za STP, wamva? Koma zimene unaonazo ndi zoona."

"Mubweranso liti, Madamu?"

"Andisamutsa, mwanawe. Sindibweranso." Anagwira phewa langa. "Mayi ako anabwerako?"

"Ayi."

Dalaivala analiza hutala. Madamu anasunthira mwana kutsogolo, analowa, ndipo minibasi inanyamuka kulowera ku Zomba. Nditabwerera pamene ndinasiya ufa ndinapeza mbuzi ikununkhiza thumba.

Mayeso ndinalemba ndikuchokera m'nyumba yopanda munthu. Funso la mpweya linabwera, la mtundu wina, koma njira yake inali yomweyo, ndipo ndinalimaliza msanga. Potuluka anyamata ankakangana za mayankho awo pansi pa mtengo wa mango. Ndinaima chapatali kumvetsera, kenako ndinatenga njira ya kwathu.

Mayi anabwera mvula itagwa, atada ndi utsi wowambira nsomba, wamng'ono wanga wotsiriza atakula moti anandichitira manyazi. Anandifunsa ngati mayeso anayenda bwino, ndinati eya. Bambo anatsalira komweko mpaka madzi atabwerera. Madamu sindinaonanenso nawo.