Munandifunsa m'Chichewa ngati ndadya

Mayi Nora, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndadutsa pa chipinda chanu kunyumba yosamalira okalamba ku Clondalkin, kumene ndimagwira ntchito kuno kudziko la azungu. Muli kale munthu wina, koma ndinaimabe pakhomo.

Anamwino ankati zimene munkayankhula n'zosamveka. Adokotala anati ubongo wanu unafota ndi ukalamba komanso matenda oiwala. Ngakhale mwana wanu Colm simunkamuzindikira. M'mawa uja ndikukuvekani juzi, ndili ndi mantha kuti ndingakupwetekeni phewa, munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, manja akowa kuzizira bwanji! Wadya koma?" Chichewa chenicheni, mzungu wa ku Skerries! Ndinangokhala pabedi. Ndinati, "Ndadya, mayi." Inu munati, "Bodza." Ndipo ndinalidi ndisanadye. Colm ndiye anadzandiuza kuti munagwirapo ntchito ya unamwino ku Dedza muli mtsikana, iye asanabadwe. Mpaka lero ndimadabwa. Mutu umene unataya dzina la mwana wanu, unasunga pati chiyankhulo chathu zaka zonsezo?

Ine mukundidziwa, nkhawa sindichedwa nayo. Ndimati nanga ine ndikadzakalamba kuno, Chingerezi changa chochepachi n'kuthawa, adzandimva ndani? Mwana wanga Tadala amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Dzulo ndinamuuza za inu. Ndinati, "Ndikadzatsala ndi Chichewa chokha, usadzati ndapenga." Anayankha m'Chichewa, mokoka lilime, kuti, "Ndidzakumvani, amama."

Usani mumtendere, mayi Nora.