Miyala Imene Inawiritsa Madzi Ozizira

Mundikhululukire polemba, ine sukulu ndinalekezera sitandade eyiti kwathu ku Lungwena. Koma kumudzi sanandilole kufotokoza, ndiye ndafotokozera pepala.

Ndinachoka usipa utasowa, bambo atamwalira. Amjomba a Saidi, mlongo wawo wa amayi, ndi amene anati, "Amidu, pita ku Zambia. Anzako akumangira amayi awo nyumba za malata." Ndinangopita.

Ku Ndola ndinalembedwa pakampani yootcha laimu. Poyamba ndinkatuta miyala. Ataona kuti ndine wosamala, anandiika m'chipinda choyezera. Tinkaika kamwala pa kasikelo m'kati mwa uvuni, n'kumakweza moto pang'onopang'ono, n'kumaona mmene kakupepukira. Moto ukachepa, kamwala kamangokhala duu. Ukafika pake, mpweya umatuluka, kulemera kumatsika mofulumira, kenako kumachedwanso, chifukwa kunja kumapsa msanga koma mtima wa mwala umapsa pomaliza. Mwala umatuluka ukuoneka chimodzimodzi, koma wopepuka pafupifupi theka, ndiponso waludzu. Ukauthira madzi umawira.

Anzanga ankayankhula Chibemba, ine n'kumangomwetulira. Mafoni a kumudzi ankayamba ndi moni, n'kuthera pa malata ndi simenti. Za manja anga osweka palibe anafunsa. Ndinkatumiza ndalama. Nyumba ya amayi inamangidwa, ndipo anthu anayamba kunong'ona kuti mwana wofatsa chonchi wazipeza bwanji.

Pobwera kumudzi, Idi ili pafupi, ndinanyamula ndowa yotseka bwino ya laimu wa miyala, wosathiridwa madzi, kuti nyumbayo iyere kuposa zopakidwa laimu wa ufa wa m'sitolo. Ndinauza amayi ndi amjomba kuti, "Chonde musaitsegule. Ndikumba dzenje, madzi ndithira ndekha, aliyense ali patali."

Amjomba anaseka. "Mwamva, achemwali? Wabwera kudzatiphunzitsa kusungunula laimu. Amayi ako anayamba kuzira nyumba iwe usanabadwe!"

M'mawa mwake amjomba anandituma kwa Mponda kukapereka moni kwa abale. Amayi anafuna ndidzapeze ntchito itayambika. Anachita monga amachitira ndi dothi lozirira: miyala m'beseni, madzi a kunyanja, n'kuwerama kuti akande ndi manja. Madzi ozizirawo anawira n'kuwadumphira m'maso.

Ndinawapeza kuchipatala, maso atamangidwa, abale atadzaza pakhonde. Amjomba anakweza mawu kuti onse amve. "Ndi mwala wanji wowiritsa madzi popanda moto? Zizimba zake ndi zimenezi. Malata aja walipira ndi maso a mayi ake."

"Amjomba, mwala wopsa ukamamwa madzi umatulutsa kutentha."

"Tamumvani! Akuti mwala umamwa!"

Ndinagwada pafupi ndi bedi. "Amayi, ndine."

Anatembenukira kukhoma. "Mawu ndawamva. Tenga miyala yako uzipita, baba, usanatengenso china."

Panopa ndili ku Ndola, ndikuyezabe miyala. Ndimatumizabe, ndipo zimene ndatumiza amalandira. Foni yanga yokha ndi imene sayankha. Amayi saona, amakhala kwa mlongo wanga. Nyumba ija sinapakidwe mpaka lero. Akuti ndi yoopsa, wina aliyense asagonemo, choncho amjomba anadzipereka kuti azigonamo iwo.

Kwathu kunasiya kukhala kwathu tsiku limene ndinakwera galimoto yobwerera ku Ndola, ndowa yanga ili pamiyendo, popanda wondiperekeza: Lachisanu loyamba pambuyo pa Idi ya chaka chatha.