Manachesi a amayi anaolera mumtengo

Sukulu ndinasiyira Folomu 3, ndipo musandifunse chifukwa chake, ndinatopa kufotokoza. Nditabwerera kumudzi kwathu kwa Kanduku ndinalibe kanthu kupatula manja angawa ndi mitengo ya manachesi imene bambo anga anadzala kuseri kwa nyumba asanamwalire. Mitengo imeneyo ndiyo imatisunga ine ndi amayi. Chimanga cha m'mapiri mwathumu chimatha mvula isanagwe.

Kwathu manachesi timagulitsa mtengo wonse zipatso zikadali zobiriwira. Wogula amabwera cha mu Epulo, amazungulira mtengo akuyang'ana m'mwamba, mukagwirizana basi zipatso za chaka chimenecho ndi zake. Othyola ndi ake, lole ndi yake, zikaola zaolera iye. Kwa amayi kunkabwera mayi wina wa ku Limbe, wamawu ngati wailesi, amene anayamba kugula kwathu ine ndili ku pulayimale. Amayi ankawatchula kuti asisi. Asisiwo ankatidyera, ndinkadziwa bwinobwino. Koma chaka chilichonse ankabwera.

Chaka chimenecho ndinamva pawailesi za bungwe lina la ku Blantyre lothandiza achinyamata ofuna kuyamba bizinesi. Ndinalembetsa pafoni ya msuweni wanga, ananditenga. Ndinakwera minibasi pa Boma nditavala nsapato zobwereka. Maphunziro ake anali muholo ya hotela, mozizira ngati mochare, tiyi kawiri patsiku. Anatipatsa matisheti. Wotiphunzitsa anali mnyamata wa tayi, wondiposa zaka zochepa chabe, ndipo ankatitchula kuti mabwana a mawa. Pakamwa pake sipankachoka mawu a Chingerezi oti valyu tcheni.

Tsiku lina anandiimiritsa.

"Achimwene a ku Mwanza, inu ndiye mwakhalira golide. Manachesi anuwo mumagulitsa kwa ndani?"

Ndinafotokoza za asisi a ku Limbe aja ndi kagulidwe ka mtengo wonse. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mwamva anzanga? Uku ndiye kuberedwa dzuwa likuswa mtengo! Achimwene, chaka chino venda asakhudze mtengo wanu. Ife tikulumikizani ndi sitolo yaikulu mutauni muno. Ntchito yathu ndi imeneyo."

"Liti, bwana?"

"Posachedwapa. Tikumalizitsa zokambirana."

"Bwana, manachesi sadikira."

"Ndiye musathyole! Asiyeni momwemo. Mtengowo ndiye nkhokwe yanu, yaulere, yosalira magetsi."

Holo yonse inaomba m'manja. Iye anakalemba mawu akewo pabolodi, kuwatsekera mzere kunsi. Munthu ameneyo nachesi ankaliona lili m'mbale basi. Ine ndinakulira pansi pa mitengo imeneyo, koma munthu wa tayi akalankhula Chingerezi pamaso pa anthu ovomera, wa Folomu 3 amakhala pansi.

Kunyumba amayi anamvetsera nkhani yonse akusenda mtedza, osadzutsa mutu.

"Iwe, anthu akowo mitengoyi anaiona?"

"Abwera, amayi. Ndi bungwe lalikulu, ali ndi magalimoto."

"Galimoto siidya nachesi."

Ndinawaumiriza mpaka anavomera. Ndikuganiza kuti ankafuna kuti kamodzi kokha mwana wawo wosiya sukulu abweretse chinthu pakhomo. Asisi atafika, amayi anawayalira mphasa, kuwapatsa madzi, kenako anawauza kuti chaka chino ayi. Asisi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tisheti ya bungwe ili pathupi.

"Ee, asisi, mwana wanuyu wangogona ku Blantyre pang'ono wabwerako ali manejala? Chabwino bwana. Mudzandiitane potsegulira fakitale."

Ananyamuka, kukagula mitengo ya oyandikana nawo nyumba.

Kenako kudikira. Bungwe linatiika m'gulu la pafoni, ndipo m'mawa uliwonse ankatumiza mawu olimbikitsa. Wopambana sagona. Lota zazikulu. Ine ndikalemba kufunsa za sitolo ija, yankho linali loti tikhale odekha. Juni anafika, mitengo inasanduka yachikasu, nthambi kuwerama mpaka tinazichirikiza ndi mphanda. Sindinaonepo mitengo yathu itabereka choncho. Anyamata a asisi ankathyola kwa anzathu, lole nkudutsa pakhomo pathu itadzaza. Amayi ankalowa m'nyumba ikamadutsa.

Nachesi likapsa nkulisiya mumtengo, khungu limafufuma nkulekana ndi zam'kati. Madzi amauma. Ntchentche zimaboola, mbozi nkulowa. Kenako limagwa lokha. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi. Pofika Julaye pansi ponse panali chikasu, fungo ngati pophikira kachasu, mbuzi zomwe zinatopa nawo.

Ndinamuimbira wa tayi uja.

"Bwana, akugwa."

"Ndani akugwa?"

"Manachesi! A ku Mwanza, munati ndisagulitse."

"Aa, achimwene a golide! Pepani, nkhani ya misika taisunthira ku gawo lachiwiri la pulogalamu. Komanso asitolo akufuna zipatso zofanana kukula, zokhala ndi chizindikiro cha kampani yanu. Kampani munalembetsa?"

"Kampani yanji? Ndili ndi mitengo ndi amayi."

"Musataye mtima. Kugwa ndi mbali ya ulendo wa bizinesi."

Ndinadula foni ndisanatukwane, chifukwa foniyo inali ya msuweni.

Otsala mumtengo ndinathyola ndekha, kumanga dengu panjinga, ulendo wa kumalire kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki. Kumeneko aliyense anali ndi manachesi, milumilu m'mbali mwa msewu. Dalaivala wina wopita ku Tete anasenda limodzi, kuluma, nkulavula.

"Amwene, mukugulitsa chinkhupule? Ndikasambire?"

Anzake anaseka. Theka la dengu ndinakhuthulira m'ngalande pobwerera.

Patapita miyezi uthenga unabwera pagulu paja. Mwambo wotsiriza maphunziro, kubwera alendo ochokera kunja, aliyense abweretse katundu wa bizinesi yake woti aonetse. Ndinayankha kuti katundu wanga ali pansi pa mtengo, abwere ndi fosholo. Anandichotsa m'gulumo tsiku lomwelo. Mnzanga wina amene anapita ananditumizira chithunzi. Patebulo lolembedwa kuti Mwanza panali dengu la malalanje okongola ogula mumsika wa mutauni momwemo, mlendo wachizungu atanyamula limodzi akumwetulira. Ngakhale kusiyanitsa lalanje ndi nachesi kunawakanika.

Chaka chimenecho amayi anagulitsa mbuzi zawo, imodziimodzi, mpaka khola linatsala lokha. Ankapita kuganyu m'minda ya anthu amene kale ankabwera kudzapempha manachesi kwathu. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo bola akanandikalipira.

Anthu amandiuza kuti mabungwewa amathandiza ena. Mwina. Wosoka zovala akhoza kudikira gawo lachiwiri, nsalu siiola. Koma munthu amene sanafunseko kuti chipatso chimakhala nthawi yaitali bwanji mumtengo analibe chifukwa chouzira mayi wamasiye kuti abweze wogula wake. Iye malipiro ake analandira mwezi umenewo, ndi wotsatirawo. Ndikumva kuti pano akuphunzitsa za tomato.

Epulo wotsatira asisi anabwera ngati kale. Anayamba kwa anzathu, kwathu nkudutsa ngati sakutiona. Amayi anakawadikirira panjira, atagwira chitenje, kuwapatsa moni mogwada ngati kwa apongozi. Asisi anabwera, kuzungulira mitengo osayang'ana ndi m'mwamba momwe, nkutchula mtengo wotsika kuposa wa zaka zonse. Amayi anavomera asisi asanamalize kulankhula.

Ine ndinali pakhonde ndikupukuta tcheni cha njinga ndi tisheti ija. Asisi anatembenuka.

"Nanga amanejala avomereza?"

Amayi anayankha okha, osandiyang'ana.

"Mitengoyi ndi yanga, asisi. Tumizani anyamata anu."