Dimba la Ambulera

Dzina loti Ambulera anam'patsa ndi ana a sukulu, ndipo dzina lopatsidwa ndi ana a sukulu silichoka ngakhale ndi sopo. Iye anabadwa ndi khungu lachialubino, dzuwa likangomuwomba pang'ono ankatuluka matuza. Choncho amayi ake ankamuperekeza kulikonse atamufunditsa ambulera yakuda yothyoka waya umodzi. Atamaliza sukulu, amayiwo anatopa nako kuthamangitsana ndi dzuwa, basi anangomusunga m'nyumba. Makatani otseka, iye n'kumasoka mabatani ndi kusankha nyemba. Chikondi chinalipo, sitikana, koma chikondi china chimafinya ngati nsapato yaing'ono.

Anafika pausinkhu woti anzake ali ndi minda yawo, iye asanadzalepo ndi njere imodzi yomwe. Zimenezi zinkamupweteka. Sankafuna zambiri ayi, ankangofuna kugwira khasu panja, masana, ngati munthu wina aliyense.

Amalume ake, oweta njuchi, anali ndi kamalo kumapeto kwa nkhalango, pansi pa mitengo ikuluikulu.

"Kumeneko chimanga chinandikana," anatero amalumewo. "Ngati ungapezeko chochita, tenga. Koma amako usawauze kuti ndine, sindinakonzeke kufa."

Ambulera anayamba kuzemba amayi ake akapita kumsika. Anadzala koko, jinja, mbande za khofi ndi tizomera ta masamba ngati nthenga timene anazula m'mbali mwa khwawa. Chaka choyamba anaona zakuda. Koko anawola chifukwa anam'dzala podikha madzi, ndipo anyani anafukula jinja, n'kumuluma, n'kumutaya, ngati kuti wawalakwira ndi iye. Sanagwe ulesi. Anakokera masamba owola m'mizere, nayamba kuidziwa mithunzi: wina wothithikana, wina wodontha dzuwa, wina wothawa masana. Muyeso wake unali mkono. Ankapinda malaya pang'ono, ndipo pamene khungu layamba kuyabwa ankadziwa kuti tizomera ta nthenga sitingakhalepo.

Patapita zaka zingapo, chinamuulula ndi matope a m'zikhadabo.

"Ukufuna ndikuike m'manda ine?" anafunsa amayi ake.

"Amayi, komwe ndimalimako n'kumthunzi."

"Mthunzi uli m'nyumba muno. Kuyambira mawa sutulukanso."

Ambulera sanalimbane nawo, koma m'mawa mwake anatulukabe. Pobwera anawatengera mbande ya khofi m'chitini.

"Mundisungire iyi, amayi. Nayonso imaopa dzuwa."

Amayiwo anaisunga momwe ankadziwira kusunga. Anaiika kuchipinda, kuseri kwa katani, n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo, mwinanso ndi pakati pomwe. Mbande ija inayamba kuyezuka. Inatalika n'kuwonda, kusuzumira pa kampata ka katani, kenako masamba anathothoka n'kutsala awiri.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Ambulera akupalira jinja atavala chipewa chake, anamva mapazi pa masamba ouma. Anali amayi ake, dzanja lina ambulera, lina chitini. Anaima n'kumayang'ana. Koko anali atawafika m'chiuno, khofi atachita maluwa oyera, njuchi za amalume zili ng'ung'ung'u, pansi pali ziii ngati pamtsuko.

"Ikufa," anatero, akupereka chitinicho. "Ndinaisamala, mwanawe. Dzuwa silinaikhudze ndi tsiku limodzi lomwe."

"Ndikudziwa, amayi."

Ambulera anang'amba chitini, nakanda tsinde ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Anakumba dzenje pa mthunzi wodontha dzuwa, n'kuidzala, koma mbandeyo inkangogwa chifukwa chowonda. Amayi aja anagwada, nagwira mkono wa mwana wawo, kuutembenuza uku ndi uku kufuna matuza. Anangopeza thukuta ndi dothi. Ambulera anamva chimwemwe chimene sanachimvepo chibadwire.

Amayiwo sananene kuti pepa, si anthu a pepa amenewo. Anatseka ambulera yawo, anaizika pambali pa mbandeyo, namangirira tsinde lake ndi kansalu.

Lero amene akufuna mbande za pamthunzi amauzidwa kuti apite kwa Ambulera, ndipo iye dzinalo amaliyankha mokondwa. Khofi uja anam'pitirira msinkhu, amabereka mpaka nthambi kuwerama. Ambulera ya amayi ikadali pomwepo, nsalu inatha kalekale, patsala mawaya okhaokha. Amayiwo amabwera masana kudzathyola nawo khofi, ndipo amadandaula kuti kunyumba kuli mdima.