Njinga yopanda chitsulo pakati

Ndikukumbukila chaka chimene amai anagula njinga. Ndinali kamtsikana, kodziwa kale kusinja ndi kubeleka mwana, ndipo tinkakhala ku Kalindawalo, m'mudzi wa kwao kwa amai. Atate anali atamwalila dzinja lapitalo. Njinga yawo inapita ndi abale awo tsiku logawa zovala, pamodzi ndi wailesi ndi jekete, ife n'kutsala ndi makasu ndi timbuzi.

Kunena zoona, njinga ya atateyo sitinaililile kwambili, chifukwa ngakhale iwo ali moyo inkagona pakhomo pathu mwa apo ndi apo. Kwathu njinga si ya amene waigula. Lelo abwela alamu, ati mwana wadwala. Mailo abwela asuweni, ati kuli mlandu ku Nyimba. Munthu akagwada pakhomo pako n'kuomba m'manja, uyamba bwanji kumukaniza? Imabwelako patapita masabata, tayala litaphwa, belu atasowa, mwini wake n'kuthokozanso kuti yabwela.

Chisanu chitayamba, amai anapeza nchito ku Boma ku Petauke, yochapa ndi kusita kunyumba ya mkulu wina wa m'maofesi. Ankanyamuka nkhuku zisanatsike, wapansi, mchenga wozizila ukuwang'amba zidendene. Koma ulendo unali wautali, ndipo ankafika dzuwa litakwela, ana a pa nyumbapo atapita kusukulu ndi malaya osasita. Adona a pa nyumbapo anawauza mosabisa kuti mwezi ukatha akuchedwabe, adzatenga mkazi wina wa m'komboni amene amakhala pafupi.

Nkhani imeneyi inandikhudza ine kuposa wina aliyense. Amalume a Sandifolo, alongo awo aakulu a amai, ndiwo anali eni mbumba, ndipo anali atagamula kale kuti nchito ikatha, ine ndipita ku Lusaka kukalela ana a wachibale wina, kuti pakhomo pachepe pakamwa. Mnzanga wina anapita chotelo, ndipo sitinamuonenso. Ndiye madzulo alionse amai akatulukila kunjila, ndinkawayang'ana kumaso ndisanawalandile katundu, kuti ndione ngati nchito ikalipo.

Amai anagulitsa nshawa zonse za chaka chimenecho, anagulitsanso mbuzi. Ndalama zinakwanila mfundo imodzi pa nsonga ya chitenje, yokwanila njinga yakale, osati yatsopano. Ndipo popeza kwathu mkazi sankapita yekha kukagula chinthu chachikulu, amalume anati adzatipelekeza kuti akatisankhile. Ine ananditenga kuti ndizibeleka mng'ono wanga.

Tinapita Loweluka. Njila yonse amalume anali patsogolo, akulankhula za njinga ngati munthu amene waigula kale. Ankati pamafunika yolimba, yoti ikhoza kunyamula thumba la chimanga kupita kuchigayo, yoti ikhoza kukafika ku Luangwa kukatenga nsomba zouma. Amai anali pambuyo, akungoti, "Inde, alongo." Ine ndinayamba kuwelenga masiku mumtima. Nsomba za ku Luangwa si ulendo wa tsiku limodzi.

Kuseli kwa msika kunali a Daka, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango n'kumagulitsakonso zakale. Pamalopo pankanunkha gilisi ndi mphila, pansi pali mbwee masipoko ndi machubu odzaza zigamba. Anyamata osowa chochita ankakhala pomwepo pa zitsa, kudikila woti amuseke. Njinga zogulitsa zinali zitatsamila pa mpanda wa udzu.

Amalume sanachedwe. Anagwila yakuda, yayitali, yachimuna, ya zitsulo ziwili pakati, kaliya yake yotakata ngati mphasa. Anainyamula n'kuigwetsa pansi kuti amve ngati chilipo cholila. Anazungulitsa gudumu n'kuliyang'ana ndi diso limodzi, anafinya mabuleki, anakoka cheni ndi chala. Kenaka anakwela n'kuzungulila mtengo wa mango, msana uli njo. Inali njinga yabwino, sindinganame. A Daka nawo anati pa ndalama imene tinali nayo, sitingapeze ina yoposa imeneyo.

Amai anayandikila, n'kugwila chitsulo chapakati chija. Chinkawafika m'chiuno. Anafunsa motsitsa mawu kuti munthu wovala chitenje angakwele bwanji pamenepo.

"Ukwelelanji iwe, anyina Velina?" anatelo amalume. "Ndizikunyamula ine pa kaliya m'mawa ulionse. Madzulo ndizibwela kudzakutenga. Njinga izikhala kwa ine, ndiziisamala."

Velina ndine. Nditamva zimenezo mwana kumsana analemela ngati mtondo. Amalume sanali munthu woipa, ndipo ndikhulupilila kuti mawuwo ankanena ndi mtima wonse. Koma ndinkawadziwa. Akanawanyamula Lolemba ndi Lachiwili. Lachitatu kukanagwa malilo, Lachinayi kukanabwela mnzawo wa nsomba. Ndinayang'ana kumseu waukulu kumene basi ya ku Lusaka inali kulila, anthu akukweza mitolo pamwamba, ndipo ndinadziona ndili pawindo.

Amai anachoka pa njinga yakuda ija. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda uja mpaka kumapeto, kumene kunali kanjinga kobiliwila, kosuluka, kafupi, kopanda chitsulo pakati. Fulemu yake inali yotsika ngati khomo la khola. Kumbuyo kunali kaukonde kotchinga kuti nsalu isalowe m'masipoko. Anyamata aja anayamba kale kusekela m'manja.

A Daka anati kameneko anagula kwa mai wina wa ku mishoni amene anakalamba. Ndipo anali munthu wachilungamo, anafotokoza zofooka zake zonse. Anati matayala ndi otha, mpando ndi wong'ambika, ndipo popeza palibe chitsulo chapakati, munthu akaikapo thumba la chimanga fulemu ikhoza kupindika.

"Thumba la chimanga singanyamule?" anafunsa amai.

"Singanyamule, amai."

"Nanga mtolo wa nsomba kuchokela ku Luangwa?"

"Ikathyokela panjila."

"Nanga munthu mmodzi, kupita ku Boma ndi kubwelako?"

A Daka anawayang'ana kanthawi, n'kunena kuti zimenezo ikhoza kuchita mpaka munthuyo atatopa yekha.

Pamenepo amai anagwada pa dothi lagilisi lija, pamaso pa amalume, pamaso pa anyamata onse aja. Anaomba m'manja mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Alongo, mundikhululukile. Ine nditenga iyi."

Anyamata aja analeka kuseka. Amalume anatsika pa njinga yakuda ija osaiimika bwino, moti inagwa, gudumu n'kumazungulila lokha. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Analankhula motsitsa, mano ali pamodzi, kuti amai awaitanila ulendo wonsewo kudzawachititsa manyazi pamaso pa ana, kuti akutaya nshawa za chaka chathunthu pa chidole, ndipo kuti tsiku la mavuto asadzatume mwana kukhomo kwawo. Anawonjezanso kuti mwezi ukatha adzabwela okha kudzanditenga, chifukwa amai sanakwelepo njinga chibadwile.

Chomalizachi chinali choona. Amai ankadziwa kukhala pa kaliya basi.

Mfundo ya pa chitenje ija inavuta, moti mpaka amai anaimasula ndi mano. A Daka analandila ndalama, n'kubweza pang'ono kuti tigulile zigamba ndi guluu, anawonjezanso kapampu kakale. Amalume anali atapita kale. Tinabwelela tokha, amai akukankha njinga mpaka kumudzi.

Tsiku lotsatila, titachoka kutchalichi, tinapita kudambo kumene kunalibe anthu. Mwana tinamugoneka pa chitenje pansi pa mtengo. Ine ndinagwila kaliya, amai n'kukwela. Anagwela kumanzele, anagwela kumanja, anakalowa m'chitsamba cha minga. Bondo linasupuka, magazi n'kumatsikila ku akakolo. Ndinati tipume, iwo anati dzuwa silikudikila. Ndinathamanga pambuyo pawo mpaka pakhosi panauma, ndikufuula kuti asayang'ane gudumu, ayang'ane kutsogolo, monga ndinkamvela anyamata akuphunzitsana. Dzuwa likupendeka, ndinazindikila kuti manja anga ali m'mwamba, kaliya yandisiya, amai akupita okha, akugwedela ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Lolemba ananyamuka kukucha. Masiku oyamba ankatsika pamchenga ndi pachitunda, n'kumakankha, koma ankafika ana a adona asanadzuke. Ndinayamba kugona tulo.

Koma nkhani inali isanathe. Mwezi uli pafupi kutha, kunabwela uthenga wa malilo ku Mwape, kwa apongozi awo a amalume. M'mawa kusanache bwino tinamva kuomba m'manja pakhomo. Anali amalume, atavala jekete, pambuyo pawo pali amuna ena a m'mudzi amene ankapita nawo. Sanalonjele zambili. Anati ulendo ndi wautali, akufuna njinga, abwela nayo malilo akatha.

Njinga ya malilo saikana munthu. Amai anali atamanga kale duku kuti azipita kunchito, ndipo malilo a ku Mwape akanatenga sabata. Anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Anaitulutsa, anaipukuta mpando ndi nsonga ya chitenje, n'kuipeleka ndi manja awili.

Amalume anaponya mwendo kumbuyo mwachimuna, n'kukhala. Anali munthu wamtali. Mawondo anafika m'mahandulo, jekete n'kukwela kumsana. Anapalasa kawili, kaukonde kaja kakugwedela pambuyo. Mmodzi wa amuna aja, amene anali msuweni wawo wa chinthabwala, anakhosomola n'kunena kuti, "A Sandifolo, dikilani tikubweletseleni chitenje ndi duku, mukafike bwino kwa apongozi."

Amuna onse anaseka, ngakhale unali ulendo wa malilo. Wina anati akakafika adzawakhazika kumbali ya azimai, kukaphika ndiwo. Amalume anaima. Anatsika pang'onopang'ono, n'kuitsamiza njinga pa nkhokwe. Anati mpando wake ndi woipa, ungaphe munthu msana, ndipo anauyamba wapansi kupita kumseu kukadikila lole. Amai anadikila mpaka amuna aja atabisika kuseli kwa mitengo, ndiye anakwela n'kupita ku Boma.

Kuyambila tsiku limenelo palibe mwamuna wa m'mudzi mwathu amene anabwelanso kudzaibweleka. Azimai ambili sankadziwa kukwela, ndipo ochepa amene ankadziwa ankaipempha Lamulungu lokha, n'kuibweza dzuwa lisanalowe. Mwezi unatha, nchito inakhalapo, ku Lusaka sindinapite.

Sikuti zonse zinatikomela. Amalume anasunga mawu awo. Chaka chimenecho sanabwele kudzatifolelela denga, ndipo mvula itagwa tinkagona titakhala, mbale zili pansi kulandila madzi. Chimanga chathu chinkapita kuchigayo pamutu panga, pamene anzanga chawo chinkapita pa njinga za abale. Panapita nthawi yaitali kuti amalume adyenso chakudya cha amai. Masiku amenewo ndinkadzifunsa ngati amai sanalakwitse, pakuti njinga yakuda ija ikanatinyamulila zambili.

Lelo zinthu zinasintha. Ndimaona amuna a ndevu zawo akupalasa njinga zachikazi pakati pa Petauke, popanda wowaseka, moti nzelu ya amai ija singagwilenso nchito. Adzukulu anga akamafuna njinga yopitila kunchito amafunsa za magiya ndi za matayala, ndipo ine ndimawafunsa chinthu chimodzi, kuti m'mawa ulionse njingayo izidzuka pakhomo pa yani.

Ndili mwana ndinkayesa kuti amai anasankha kanjinga kaja chifukwa cha chitenje. Ndinadzamvetsa nditakula, nditakhala nane ndi alongo ndi alamu ogwada pakhomo. Amai anabadwila kumene mkazi sakanatha kuuza mlongo wake wamkulu kuti iyayi, ndipo mpaka kumwalila kwawo sindinawamvepo akumuuza munthu mawu amenewo. Ndiye pa ndalama yochepa imene anali nayo, anapita kukagula njinga yoti iziwakanila.