Maso a Alamu Anga Ankakhala Pampando Wapambali

Alamu anga anayendetsa galimoto zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku, ndipo aliyense amene anachezapo nawo nkhani imeneyi anaimva kawiri. Anzawo ankawatchula kuti a Giya, chifukwa ankasintha magiya mosalala moti khanda logona silinkadzidzimuka. Ntchito yawo inali yonyamula mankhwala ndi mabandeji a kampani ina, kukasiya m'zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja, n'kubwerera kudzera kumapiri. Unali ulendo wa masiku awiri.

Mkulu wanga, mkazi wawo, ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Zaka zonsezo galimotoyo ankangoiona ikutuluka pageti. "Galimoto ya kampani si yachibale," ankatero alamu, akupukuta galasi ndi mpango wawo. Ndiye tsiku lina tinangoona mkulu wanga wavala duku latsopano, akukwera kutsogolo. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Makina osokera anawafunditsa nsalu. Anthu apamzere pathu anayamba kunena kuti chikondi chawapeza kuukalamba, ndipo ine ndinali patsogolo kuwaseka.

"Alamu, mwayamba kuopa kuti akulandani?" ndinawafunsa.

"Chakudza sichiimba ng'oma, mlamu," anayankha akuseka.

Ndikakumbukira kuseka kwanga kuja ndimadzida, chifukwa zoona zake zinali zakuti maso a alamu ankatha. Anayamba kufa cham'mbali, n'kutsala pakati pokha, ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Dokotala anawauza kuti asiye chiwongolero. Iwo kalata ya dokotalayo anaipinda n'kuiponya m'bokosi la masipanala.

"Bambo, siyani ntchitoyi," mkulu wanga anawachonderera.

"Ndikasiya ndikhala ndani?"

Choncho mkulu wanga anayamba kukwera nawo. Ntchito yake inali kutchula chilichonse cha m'mbali mwa msewu. "Njinga." "Mbuzi ziwiri." "Mayi ndi mtolo, chepetsani." Alamu ankamvera ngati mwana wasukulu, chinthu chimene kunyumba sanachitepo. Anayenda choncho zaka ziwiri, ndipo kukampani palibe anadziwa.

Msewu umenewo amati ndi wokongola. Alendo amaimitsa magalimoto kuti ajambule mafunde akumenya miyala, ndi mapiri amene mitambo imagona pakati pake. Tsiku lina ndinamufunsa mkulu wanga kuti nyanjayo imaoneka bwanji.

"Sindikudziwa," anatero. "Ine ndimaona pothera phula."

Ndinayesa kuti ndi nthabwala. Sindinadzifunse chifukwa chake munthu wochokera kokayenda ankafika maso ali psuu, n'kugona tsiku lathunthu atamanga mutu ndi nsalu yonyowa. Zonsezi anadzandiuza mochedwa, madzi atafika kale m'khosi.

Ngoziyo inachitika m'mawa wa tsiku lachiwiri la ulendo, dzuwa likuwala bwinobwino. Anali atasiya katundu m'zipatala zinayi, akukwera phiri. Alamu anadzuka bwino tsiku limenelo, ankaimba mluzu. Pamwamba pali malo pamene mitengo imatha, nyanja yonse n'kuonekera pansi. Iwo malowo ankawadziwa pamtima.

"Mayi, tayang'anani kumunsiko kamodzi kokha," anatero.

"Ayi, bambo. Yendetsani."

"Pano ndikhoza kudutsa nditatsinzina. Tayang'anani, mundiuze ngati madzi aja akadali obiriwira."

Mkulu wanga anatembenuza mutu. Akuti anaona madzi ambirimbiri, ndi timabwato ting'onoting'ono ngati makoko a mtedza. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti inde, ndi obiriwira. Kenako galimoto inadumpha.

Anali bambo wotchetcha udzu m'mbali mwa msewu, atawerama ndi chikwakwa chake, phazi limodzi lili paphula. Munthu wamaso akanamuona patali n'kumulambalala. Anamunyamula awiriwo n'kumugoneka kumbuyo pakati pa makatoni. Mkulu wanga anang'amba katoni ya mabandeji n'kumamanga paliponse pamene pankatuluka magazi, koma bamboyo anamwalira ali pamiyendo yake, chipatala chisanaoneke n'komwe. Anasiya mkazi ndi ana atatu.

Kupolisi alamu anakhala mowongoka, chipewa chili pabondo.

"Ndinamuona, bwana," anatero. "Ndinkathamanga, ndinachedwa kuponda mabuleki."

Apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Munthu wafa, magazi ake sanaume pa diresi la mkazi wawo, koma iwo chimene ankateteza n'chakuti asatchedwe wakhungu. Analolera ndende, bola atuluke akadali dalaivala. Ndipo akanatuluka akanagwiranso chiwongolero, ine ndimawadziwa.

Mkulu wanga ankawadziwanso. Anaimirira pabenchi.

"Bwana, bambowa saona. Kalata ya dokotala ili m'bokosi la masipanala. Maso awo ndinali ine, ndipo ndinayang'ana kumbali."

Wapolisi sanakangane ndi munthu. Anangoima pambali pa alamu, pafupi moti akanawakhudza phewa, n'kukweza dzanja.

"Akulu, ndakweza zala zingati?"

Alamu anayang'ana kutsogolo, kukhoma. Kenako anati, "Mayi, mwandipha."

Anakhala kundende zaka zitatu, ndipo kuwala kotsalako kunathera komweko. Mkulu wanga ankapita kukawaona mwezi uliwonse, iwo n'kumakana kutuluka. Kumaliro a wotchetcha udzu uja anapita yekha, anakhala kumbuyo kwenikweni, osadziulula. Kuyambira pamenepo sakwera galimoto pampando wakutsogolo, ngakhale mutamupatsa malo.

Pano alamu amakhala pakhonde, pampando wapulasitiki, manja ali pamaondo. Mkulu wanga anabwerera pamakina ake, ndipo ndi amene akudyetsa nyumba. Amawameta ndevu, amawagwira chigongono popita kubafa, amawasankhira malaya. Zaka zisanu zatha chitulukireni, koma alamu sanamulankhulepo mwachindunji ngakhale liwu limodzi.

Sabata yatha ndinapita kukawaona. Mkulu wanga anali pamakina, pafupi nawo moti nsalu imene ankasoka inkawakhudza mwendo. Alamu anamva mapazi anga n'kudzutsa mutu.

"Mlamu, ndiwe? Uwauze akulu akowo kuti dzuwa landifika."

Mkulu wanga anaimitsa makina, anawadzutsa, n'kukokera mpando pamthunzi.